Tchopa pa pepala la UNESCO ndi mpata umene lasiyira ophunzira a ku Ndata

Mu Novembala 2014, komiti ya UNESCO yoona za miyambo inakumana ku Paris n'kulemba tchopa, gule wa Alhomwe, m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Chilichonse cholowa m'kaundulamo chimakhala ndi kandime kochifotokoza, ndipo ka tchopa n'kakafupi: ziganizo ngati khumi, mawu a Chingerezi pafupifupi 200. Ambiri tinamva pa wailesi kuti gule wathu wadziwika kunja, tinaomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Kandimeko kakuyenera kuwerengedwa mofatsa, chiganizo ndi chiganizo, makamaka chifukwa cha chinthu china chimene chinachitika chaka chomwecho. Mu 2014 momwemo yunivesite ya MUST inalandira ophunzira ake oyamba ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo pa sukulu yake ya Bingu School of Culture and Heritage pali digiri ya maphunziro a nyimbo za mu Africa. Ndiye kuti m'boma limodzi, pakati pa minda ya tiyi yomweyomweyo, muli achinyamata ophunzira nyimbo m'kalasi ndi akuluakulu oimba ng'oma pabwalo la mfumu.

Kuti tione zimene magulu awiriwa angachitire limodzi, tiyambe tayang'ana kunja. Ku America kuli makoleji ang'onoang'ono ambiri amene paokha sangakwanitse gulu lalikulu la zoimbira lija amati orchestra, lofuna anthu makumi asanu kapena kuposa. Tauni imene kolejiyo ili nayonso imakhala ndi aphunzitsi, anamwino ndi anthu opuma pantchito odziwa vayolini kapena lipenga, koma osakwana kupanga gulu. Ndiye amaphatikizana. Koleji imapereka holo, wotsogolera ndi ophunzira. Tauni imapereka anthu amene sachoka chaka chikatha. Gulu lotere likanati likhalepo ku Thyolo, silikanayambira pa vayolini. Likanayambira pa ng'oma, ndipo malamulo ake, mwa kuona kwanga, analembedwa kale m'kandime ka ku Paris kaja, ngakhale olemba ake sankaganiza za yunivesite.

Chiganizo choyamba chimangotchula eni ake ndi dera lawo, Alhomwe a kumwera kwa Malawi. Chachiwiri chimatchula nthawi zovinira, ndipo ndi zitatu: pokondwerera zokolola zabwino, alenje akabwerako bwino ku uzimba, ndi popereka nsembe kwa mizimu ya makolo kukagwa chilala kapena mliri. Zonse zitatu zalembedwa ngati zochitika lero lino. Wowerenga wa kutali angaone m'maganizo mwake mudzi wozunguliridwa ndi thengo, nkhokwe zodzaza, amuna akutulukira atanyamula gwape pamtengo. Tsono kwerani minibasi ku Limbe, mudutse Bvumbwe, mulowere ku Thyolo boma, muziyang'ana pawindo. Tiyi wayala zitunda zonse, wometedwa bwino kufika m'chiuno, ndipo m'malire mwake muli mizere ya bulugamu wa nkhuni za ku fakitale. Midzi yapanikizika m'mphepete ndi m'malo otsetsereka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'bomali. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo inagwetsedwa pafupifupi yonse, chigawo chooneka chimene chatsala chili m'esiteti ya Satemwa. Uzimba wake akaupangira kuti?

Mawu akuti tiyi mulibe m'kandimeka. Mulibenso Mozambique. Pamenepa m'pamene pepalali lakhala chete kwambiri, chifukwa Alhomwe ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje ndi adzukulu a anthu amene anawoloka malire kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi njala m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo abwino ali kale m'manja mwa Azungu, otsimikizidwa ndi zikalata zimene Harry Johnston anapereka m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Mlendo wopanda malo ankaloledwa kumanga pa esiteti, malipiro ake n'kukhala thangata: kugwirira mwini malo ntchito mwezi kapena miyezi pachaka, nthawi yomwe munda wake womwe ukumufuna. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, anafika ku Thyolo mu 1908 pa Bandanga, Maclean Kay n'kudzatsegula Satemwa mu 1923. Manja amene anazula zitsa ndi kubzala mbande zimenezo ambiri anali a Alhomwe. Ankatchedwa dzina lonyoza, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake atalimbana nalo m'zaka za m'ma 1940. Mu Ogasiti 1953 mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda unabutsa zipolowe zimene zinafalikira m'maboma a kumwera, anthu 11 n'kuphedwa. Thangata anathetsedwa mwa lamulo mu 1962.

Tchopa anadutsa m'zonsezi n'kukhalabe moyo, ndipo kandime komutamanda sikanenapo kanthu. Sindikuti olemba ananama. Ndime zoterezi zimakhala ndi malire a mawu, ndipo boma likamapereka pempho ku UNESCO silikonda kufukula milandu ya malo. Koma wophunzira wa nyimbo amene angatenge pepalali ngati chithunzi chonse cha guleyu adzakhala akuphunzira mudzi umene kulibe. Kandimeka sikatchulanso malo amene ambirife timaonerako tchopa masiku ano: ku Chonde m'boma la Mulanje, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitika mu Okutobala kuyambira 2008, pa misonkhano ya ndale, pa tsiku lolandira mlendo wolemekezeka, kumene gulu limapatsidwa mphindi zisanu, wa pa chimkuzamawu n'kumalifulumiza kuti anduna alankhule.

Za nyimbo zenizeni pepalali lapereka theka la chiganizo: pamafunika luso la kuvina, kuimba, ndi ng'oma zitatu zosiyana kukula. Basi. Silinena kuti iti imayamba, iti imagwira phazi la ovina, iti imalankhula pamwamba pa zinzake. Silinena za moto umene umasonkhedwa pambali pa bwalo gule asanayambe, woimba atagwada, akutembenuza ng'oma yake ku malawi, kuigogoda ndi chala, kuibwezeranso, mpaka chikopa chitakungika n'kutulutsa liwu limene khutu lake likufuna. Gule akatalika kapena kunja kukachita chinyezi, ng'oma imafooka, mnyamata amathamanga nayo ku moto ena akupitiriza. Palibe chida choyezera. Muyezo uli m'khutu la munthu ndi m'liwu la ng'oma zinazo. Ophunzira a orchestra amachuna zoimbira zawo potsata liwu limodzi logwirizana pa dziko lonse, pomwe apa ng'oma zitatu zimachunidwa potsatana zokhazokha, tsiku limenelo, pabwalo limenelo. Theka la chiganizoli likhoza kudya zaka zinayi za digiri osatha, ndipo apa wophunzira wa ku Ndata ali ndi chopereka chenicheni: khutu lophunzitsidwa kusiyanitsa, makina ojambulira mawu, ndi cholembera.

Kenaka pakubwera chiwerengero. Ovina amakhala 20 mpaka 30, amazungulira bwalo uku akupingasana. Ziganizo ziwiri kutsogolo, pepala likuti nyakwawa iliyonse ili ndi kagulu kake kakang'ono ka ovina tchopa. Ikani ziganizo ziwirizi pamodzi. Ngati mudzi uli ndi kagulu kakang'ono, koma bwalo likufuna anthu mpaka 30, owonjezerawo akuchokera kuti? Pepala silinena, koma aliyense wokulira kumudzi akudziwa yankho: uthenga umapita ku midzi yoyandikana, a kwa uje amabwera ndi ng'oma yawo, a kutsidya kwa mtsinje amabwera ndi amayi a mawu akuthwa. Mwa kuwerenga kwanga, tchopa ndi gulu lophatikizana kale. Zimene koleji ndi tauni ya ku America amachita chifukwa cha kuchepa kwa anthu, midzi ya ku Thyolo yakhala ikuchita chifukwa chomwecho. Yunivesite ikalowamo ikhala ngati mudzi wina woitanidwa, osati mwini bwalo.

Kupingasanako nakonso n'kofunika kukuyang'anitsitsa. Mu orchestra aliyense ali ndi mpando, mipando ili ndi maudindo, woyamba wa vayolini amakhala kutsogolo, ndipo maso onse amaloza kwa munthu mmodzi wogwira kamtengo. Makoleji ophatikizana ndi tauni amakangana kawirikawiri pa mipando yomweyi: wophunzira waluso amene akufuna kukhoza mayeso, kapena mayi amene wakhala pa mpandowo zaka makumi awiri? M'bwalo la anthu 30 opingasana mulibe mpando wolimbirana. Koma musaganize kuti mulibe dongosolo. Kuti anthu ochuluka chotero, ena atasenza katundu kumsana, adutsane osagundana, aliyense ayenera kudziwa phazi la mnzake ndi kumva wezulo. Wolakwitsa salandira cholembera chofiira papepala. Amagundidwa phewa, anthu n'kuseka.

Tsopano katunduyo. Chiganizo chachisanu ndicho chokoma kuposa zonse, ndipo ndicho chimene chimaonetsa zinthu zogwirika zambiri. Ovina ena amabereka kumsana mitolo yokhala ndi zipangizo za kumunda, zikopa za nyama, zidole, zida za ulenje ndi ziwiya zakale zophikira. Pepala silifotokoza chifukwa chake. Limangondandalika, n'kupitirira. Koma onani mndandandawo: chakumunda, chakuthengo, chosewerera kapena choseketsa, chakuthengonso, chakukhitchini. Ndi banja lathunthu. Munthu wanyamula chilichonse chofunika kuti akafika pamalo achilendo ayambirenso moyo: cholimira, chophera nyama, chofunda, chophikira, ndi chotonthozera mwana. Ine ndikamawerenga chiganizochi ndimaona ulendo wochokera ku Mozambique umene chiganizo choyamba chinaubisa. Eni gule akhoza kumasulira mwina, ndipo wophunzira wanzeru akawafunse iwowo asanakhulupirire za ine. Koma n'zovuta kuona nkhalamba ikuvina mphika wakuda uli lendelende pamsana, chikopa cha nyama imene mdzukulu wake sanaionepo chikukupiza m'chiuno, osaganiza kuti mtolowu ukusunga zimene nthaka inataya.

Mawu akuti zakale aikidwa pa ziwiya zophikira zokha. Mphika wobooka, chipande chong'aluka, mbale ya chitsulo yothothoka utoto: zinthu zimene pakhomo zinatha ntchito, pabwalo zapeza ina. Wokonza zovala za gulu la pa yunivesite, ali ndi bajeti m'manja, adzafuna kugula zatsopano zofanana kuti zioneke bwino pa kanema. Akadzatero adzakhala wataya chiganizo chonse.

Pali katundu wina wa kumsana amene Thyolo amamudziwa kuposa uyu, ndiye dengu la wothyola tiyi. Mmawa kusanatenthe mayi ali kale mu mzere, manja onse awiri akubudula masamba awiri ndi kansonga, akuponya kumbuyo osacheuka, dengu likulemera mpaka nthawi ya sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu, kapitawo akuyang'ana ngati muli masamba okhwima. Msana umene umabereka dengu pakati pa sabata ndi womwewo umabereka mtolo wa tchopa tsiku la gule. Dengu limayezedwa ndipo zam'kati mwake ndi za mwini esiteti. Mtolo suyezedwa ndipo zonse zam'kati mwake ndi za mwini msana. M'ndandanda wa UNESCO dengulo mulibe.

Chiganizo chachisanu ndi chiwiri ndicho chimakhudza ophunzira mwachindunji, ngakhale sichiwatchula. Chikuti ovina enieni ndi osunga mwambowu ndi amuna ndi akazi achikulire, koma masiku ano ana nawonso akuvina mochuluka. Cholinga cha olemba n'chodziwikiratu: kutsimikizira komiti kuti gule sakufa, ali ndi mawa. Tchopa analembedwa m'kaundula wa miyambo yoimira chikhalidwe cha anthu, osati m'kaundula wina uja wa miyambo yofunika kupulumutsidwa mwachangu, ndiye panafunika mawu opatsa chiyembekezo. Koma werengani anthu amene atchulidwa. Agogo alipo. Ana alipo. Wa zaka 18, wa zaka 25, wa zaka 35 ali kuti? Pakati pa chiganizochi pali dzenje, ndipo dzenjelo ndi msinkhu wonse wa anthu a mphamvu. Amenewo ali mu mzere wa tiyi, ali pa kabaza ku Luchenza, akugulitsa nthochi ndi makala ku Limbe, ali ku Joni. Ena ali m'mipingo imene imawauza kuti gule wa nsembe ndi wachikunja. Ena amangochita manyazi, poti gule wa zikopa ndi nthenga sayenerana ndi foni ya m'manja. Mwana amavina mpaka atafika Sitandade 8, kenaka amasiya, ndipo mwina adzabwerera ali ndi imvi, mwina ayi.

Msinkhu umene ukusowa pabwalowu ndi womwewo wadzaza m'mahositelo a ku Ndata. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene gulu lophatikizana lingakhalire la phindu kwa mudzi, osati kwa yunivesite yokha. Ng'oma yaikulu imafuna mkono wosatopa. Nkhalamba imadziwa kumene dzanja liyenera kugwera, koma ikatha theka la ola phewa limakana. Mwana ali ndi chidwi koma alibe mphamvu. Komanso mnyamata wa m'mudzi akaona wa pa yunivesite, wochokera ku Karonga kapena ku Area 25, atavula nsapato n'kumakalipiridwa ndi agogo ake chifukwa cholakwitsa phazi, manyazi aja amayamba kuchepa.

Nanga luso limapatsirana bwanji? Pepala likuti pa nthawi zoyeserera ndi pa magule ochitika mwa apo ndi apo. Sukulu silinaitchule. Pangano la UNESCO la 2003, limene Malawi analowamo mu 2010, limalimbikitsa maphunziro a m'kalasi ndi a kunja kwa kalasi omwe, ndipo limanena kuti eni mwambo azitenga mbali yaikulu pa chilichonse chochitika pa mwambo wawo. Tanthauzo lake ku Thyolo ndi losavuta kunena koma lovuta kuchita: mphunzitsi wa ng'oma ndi mkulu wa kumudzi amene mwina sanafike Sitandade 5, ndipo wa digiri ndiye wophunzira. Zinachitikapo kwina. Mu 1999 Donald Kachamba, woimba kwela wa ku Chileka, anakhala miyezi ingapo pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles akuphunzitsa ophunzira ndi kuimba nawo, ndipo nyimbo zawo zinajambulidwa n'kutulutsidwa pa dzina lake. Anamwalira mu Januwale 2001. Ngati yunivesite ya ku California inatha kuika munthu wa ku Chileka kutsogolo kwa kalasi, ya ku Ndata singalephere kuchita chimodzimodzi kwa munthu wokhala mtunda woyenda pansi. Thyolo yomweyi inabala Allan Namoko, wosaona, wa banjo, amene ndi Chimvu River Jazz Band anagwedeza wailesi ya MBC mpaka imfa yake mu 1995. Yunivesite inafika iye atapita kale. Anzake a luso ngati lake amene ali moyo sadzadikira mpaka kalekale.

Chiganizo cha maudindo ndimachikonda chifukwa cha dongosolo lake. Chimayamba ndi osoka zovala ndi osema ng'oma, kenaka oimba ng'oma, oimba wezulo, n'kumalizira ovina. Amene timawaombera m'manja ali kumapeto. Amene sitiwaona ali kutsogolo. Pa pepala la pulogalamu ya orchestra simupezamo dzina la amene anapanga vayolini, poti inagulidwa kusitolo, mwina ku dziko lina. Apa wosema ng'oma ndi membala wa gulu. Ndipo ndi iyeyo amene vuto la nkhalango lamugwera poyamba, chifukwa ng'oma yaikulu imafuna thunthu lalikulu, ndipo mitengo yotere m'midzi ya ku Thyolo ikusowa. Zikopa za nyama zakuthengo nazo zili ndi malamulo ake oteteza nyama. Yunivesite ya sayansi, imene ili ndi sukulu ya zanyengo ndi nthaka pa kampasi yomweyo, ili ndi poyambira pooneka: kufunsa osema kuti amafuna mitengo yanji, n'kubzala.

Tafika pa chiganizo chomaliza, chimene owerenga ambiri amachidumpha poganiza kuti ndi mawu okometsera otsekera. Chimayamba ndi mawu a mu ofesi onena za kulimbikitsa umodzi, amene amapezeka m'ndime zambiri za m'kaundulayu. Koma chikangodutsa pamenepo chimatchula zinthu zitatu zenizeni: mamembala amathandizana pa matenda, pa maliro, ndipo mnzawo ntchito ikamuchulukira amapita kukamulimira. Ndime yoyamba ndi gule yathera m'munda. Khasu limene linali kumsana ngati chovala m'chiganizo chachisanu latsika, lili m'manja, likupalira chimanga cha woimba ng'oma amene wagona ndi malungo.

Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse. Chiganizochi chikunena mtengo wa umembala. Mu orchestra ya koleji ndi tauni, mtengo wake ndi kubwera pa zoyeserera ndi kudziwa gawo lako. Ukadwala amakutumizira khadi, wina n'kukhala pa mpando wako. M'gulu la tchopa, malinga ndi pepalali, kuvina ndi gawo limodzi chabe la mgwirizano umene mbali yake ina ndi dima, chipepeso ndi kugona pasiwa. Ndipo ku Thyolo kuchulukidwa ntchito kuli ndi nyengo yake yodziwika. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ndi pamene esiteti imalemba anthu ambiri aganyu. Ndi miyezi yomweyonso ya kubzala, kupalira ndi kubandira, ndiponso ya njala. Munthu amasankha pakati pa sikelo ya lero ndi nkhokwe ya mawa. Vuto limene thangata ankabweretsa mokakamiza, lero umphawi ukulibweretsa mwaufulu. M'nyengo yotereyi gulu limene limabwera ndi makasu khumi Loweruka mmawa si nkhani ya chikhalidwe chokha. Ndi chimene chimasiyanitsa banja lokolola ndi losakolola. Anthu ena amakhalabe m'gulu la gule chifukwa cha makasuwo, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Ndiye wophunzira amene akufuna kulowa m'bwalo adziwe kuti walira mvula walira matope. Sindikunena kuti asiye mayeso n'kukhala mlimi. Koma gulu lophatikizana limene limatumiza basi kukatenga akuluakulu tsiku la mwambo wa omaliza maphunziro, kuwapatsa fanta ndi banzi, n'kuwabweza madzulo, latenga ziganizo zisanu ndi zinayi n'kusiya chakhumi. Wosema ng'oma akamwalira, kodi ophunzira adzakhalapo pa maliro, anyamata n'kuthandiza adzukulu, atsikana n'kukhala ndi amayi kumaphikidwe? Namondwe Freddy atagumula nyumba ndi kukokolola minda mu Malichi 2023 m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, funso la umembala linali la mtundu umenewu, osati la kavinidwe.

Pali zovuta zimene sindifuna kuzibisa. Ophunzira amakhala zaka zinayi n'kupita, ndipo pa tchuthi kampasi imakhala pululu. Mudzi ndiwo umatsala. Choncho chikumbumtima cha gulu, ng'oma zake ndi ulamuliro wake ziyenera kukhala kumudzi, pansi pa nyakwawa monga pepala likunenera, yunivesite n'kumabwera ndi kupita. Pali nkhani ya nsembe: si wophunzira aliyense amene chikhulupiriro chake chingamulole, ndipo si mbali iliyonse ya mwambo imene eni ake angafune kuti ijambulidwe. Pali ndale, poti gule wa Alhomwe wakhala akukokeredwa ku mtundu wa nsalu ya chipani, ndipo yunivesite yokhala pa malo amene anali munda wa Bingu wa Mutharika iyenera kusamala kuwirikiza kuti bwalo lisasanduke msonkhano. Palinso ndalama. Kandimeka sikatchula khobidi ngakhale limodzi, ngati kuti oimba ng'oma amadya fumbi la pabwalo. Nyimbo ikajambulidwa, wophunzira amapeza digiri, mphunzitsi amapeza pepala lofalitsa ndi ulendo wa kunja. Lamulo la umwini wa zaluso limaika nyimbo za makolo m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limatolera ndalama za oimba, koma nkhalamba imene inaphunzitsa kagundidwe kaja kawirikawiri dzina lake silioneka paliponse. Tsiku limene mkulu wa ng'oma wathera pa kampasi ndi tsiku limene sanapite ku sikelo kapena kumunda, ndipo liyenera kulipiridwa pa mlingo wa mphunzitsi, osati wa ganyu.

Monga chithunzi cha Thyolo, kandime ka 2014 n'koperewera: kabisa tiyi, kabisa ulendo wa makolo, kabisa ndalama, ndipo kasunga uzimba umene unatha. Monga malamulo a gulu loimba, n'kolondola kuposa mmene olemba ake ankadziwira, chifukwa katchula mwini gulu, maudindo ake, njira yophunzirira, msinkhu umene ukusowa ndi mtengo wolowera. Akuluakulu a Bingu School of Culture and Heritage, musayambe ndi kugula yunifolomu kapena kumanga nsanja. Pitani kwa nyakwawa za midzi yozungulira Ndata ndi Goliati, mupemphe malo a ophunzira anu m'magulu amene alipo kale, mulembe oimba ndi osema ng'oma pa mndandanda wa aphunzitsi olipidwa ndi maina awo, ndipo pa kalendala ya chaka muikepo Loweruka la makasu mu Januwale.